Pythagoras wandipeza kukhitchini

Aphunzitsi anzanga ndi ana anga akale, lero ndiulule manyazi anga. Ndinatenga ngongole n'kugula makabati akukhitchini obwera m'makatoni, olumikiza wekha. Nditaika yoyamba pakona, kumbali kunatsala mpata wolowa dzanja. Mayi akunyumba anangoti, "Bambo, si inu a masamu?"

Apa ndinakumbukira 3, 4, 5 ija. Kuchokera pakona ndinayeza masentimita 60 khoma lina, 80 linalo. Pakati pake pamayenera kukwana 100, koma ndinapeza 104. Konayo sinali ya madigiri 90 ayi!

Mpatawo ndinatseka ndi kathabwa kocheka motsatira khoma. Inu musanagule, yezani makona, yezaninso khoma pansi, pakati ndi pamwamba, mutenge muyeso wochepawo. Masamu aja sanali a mayeso okha.