Mwana wanga walephera kuwerenga mawu a zilombo

Abale anga a ku Chintheche, ndiloleni ndidandaule pano chifukwa chichokereni Lachisanu mtima sukukhala m'malo. Akuti mwana wanga wa zaka 6 walephera mayeso a kuwerenga kuno ku England. Mwana yemweyu amandiwerengera buku usiku uliwonse, ine ndikuwodzera pampando, msana ukuwawa ndi ntchito yonyamula nkhalamba za eni ake.

Mayesowa anayamba mu 2012. Mwezi wa Juni mwana aliyense wa Year 1 amakhala yekha ndi mphunzitsi n'kuwerenga mawu 40. Mwa amenewa, 20 ndi ongopeka, opanda tanthauzo, ndipo pambali pake amajambulapo kachilombo kosekerera kuti mwana aziyesa dzina lake. Wokhoza ayenera kupeza 32. Wanga anapeza 30. Aphunzitsi ake, mayi aulemu ndithu, akuti iye ankati akaona mawu opekawo n'kuwawongola kuti akhale mawu enieni. Ndiye cholakwa chake n'chakuti amafuna kumva zimene akuwerenga? Chaka chamawa abwerezanso.

Chinandiseketsa n'chakuti zaka zoyambirira aphunzitsi ankadziwiratu kuti malire ndi 32, ndipo zotsatira za dziko lonse zinkaonetsa ana ambirimbiri atapeza 32 yeniyeniyo, opeza 31 ochepa zedi. Kuyambira 2014 boma limalengeza malirewo mayeso atatha. Ine ndinkayesa kukankhira mwana pamzere n'kwathu kokha.

Sindikuti kwathu zonse zili bwino. Mayeso a kuwerenga otchedwa EGRA, amene anachitika ku Malawi mu 2010 ndi thandizo la USAID, nawonso ali ndi mawu opeka, komanso wotchi yowerengera mphindi imodzi. Tangoganizani mwana wa ku Bandawe, wokulira m'Chitonga, mlendo atamuimirira ndi wotchi, akumufunsa m'Chichewa. Akakhala chete, mulemba kuti satha kuwerenga, kapena kuti chilankhulo si cha amake, kapena kuti wachita mantha? Pepala lili ndi malo a nambala basi.

Ine mayeso anga oyamba anandipatsa ndi agogo. Kalata ya bambo ikafika kuchokera ku Joni, ankandikhazika pamphasa pafupi ndi thandala la usipa, n'kunena kuti ndiwerenge. Ndikamaliza ankafunsa: ndalama zibwera liti, ndipo bambo ako ali bwinodi kapena akubisa? Ukangotchula mawu ngati chinkhwe, osayankha, kalata inkapita kwa mwana wa pakhomo lina, iwe manyazi mudzi wonse.

Dzulo ndaphika kondowole wa ufa umene ndinausunga chibwerereni kumudzi, wayamba kale kununkha kabati. Titadya ndinamupatsa mwana foni kuti andiwerengere uthenga wa azakhali ake pa WhatsApp. Anafika pakati n'kuima, akuti, "Amayi, akufunanso ndalama."