Anthu 7 a ku Edmonton ndi Mwana Wanga

Usiku umene mwana wanga wamkazi anakomoka, magetsi anali atathima. Ndinamupeza ali thukuta kamukamu, maso ali tong'o koma osandizindikira. Madzulo ake anali atabaya insulini monga mwa masiku onse, koma nsima anangoidya pang'ono, ndiye shuga anatsika kwambiri ali mtulo. Bambo ake anathamangira kukhitchini, ine n'kumamupaka shuga m'kamwa uku ndikumuitana dzina. Anali ndi zaka 11.

Mawa lake apongozi anga anandifunsa funso limene ine ndinkaopa kufunsa adokotala: "Kodi matenda amenewa alibe mankhwala ochiziratu? Mwanayu azingobaya mpaka liti?"

Funso limeneli ndi limene linandifikitsa pa dzina la James Shapiro, dokotala wa maopaleshoni wobadwira ku England, amene amagwira ntchito pa University of Alberta mumzinda wa Edmonton ku Canada.

Nkhani yake ili chonchi. M'kapamba muli timagulu ta maselo tomwazikana ngati tizilumba, timene Paul Langerhans anationa koyamba mu 1869. Mmenemo ndi mmene mumapangidwa insulini. Mwa ana ngati wangayu, chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuwononga maselo amenewa. Choncho akatswiri anaganiza zotenga tizilumbato m'kapamba wa munthu amene wamwalira n'kutiika mwa wodwala. Paul Lacy anasonyeza pa makoswe mu 1972 kuti zimatheka, koma pa anthu zinkakanika kwa zaka zambiri. Vuto lina linali mankhwala omwewo oletsa thupi kukana chiwalo chachilendo: a mtundu wa steroid ankakweza shuga ndi kufooketsa maselo atsopanowo.

Shapiro ndi anzake anasiya mankhwala a steroid aja n'kugwiritsa ntchito ena atatu, sirolimus, tacrolimus ndi daclizumab. Anawonjezanso kuchuluka kwa maselo, moti wodwala mmodzi ankalandira kuchokera kwa anthu awiri kapena kuposerapo. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti maselowo sawabwezera m'kapamba ayi. Amawalowetsa ndi kapaipi mumtsempha waukulu wopita kuchiwindi, n'kukakhazikika mmenemo, chiwindi n'kukhala ngati chalandira alendo ogwira ntchito ya mnzake. Mu 2000 analengeza m'magazini ya New England Journal of Medicine kuti odwala 7 amene anawathandiza, onse anasiya kubaya insulini. Njirayi inatchedwa Edmonton Protocol, ndipo zipatala za m'mayiko ena zinayamba kuitsatira.

Nditawerenga zimenezi ndinalira, sindinama. Kenako ndinapitiriza kuwerenga, chimwemwe n'kuyamba kuphwa. Patapita zaka 5, mwa odwala a ku Edmonton, pafupifupi mmodzi yekha pa 10 alionse ndi amene anali asanabwerere ku jakisoni. Komanso wolandira maselo amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo moyo wake wonse, ndipo mankhwalawo amatha kuvulaza impso. N'chifukwa chake chithandizochi amapereka kwa akuluakulu amene shuga wawo amagwa mwadzidzidzi iwo osamva chizindikiro chilichonse. Kwa mwana ngati wanga, amene insulini wake timasunga mumtsuko pamchenga wonyowa magetsi akathima, n'zakutali.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene ena amachidumpha akamati ntchitoyi inalephera. Ambiri mwa amene anabwerera ku jakisoni, maselo aja ankagwirabe ntchito pang'ono, ndipo kukomoka kuja kunachepa kwambiri. Munthu amene sanapakepo mwana shuga m'kamwa mumdima angaone ngati zimenezi n'zazing'ono. Ine ndikanapatsidwa zomwezo, jakisoni apitirire koma mwana azigona ine osadzuka pakati pa usiku kukamugwira pachipumi, ndikanalandira ndi manja awiri.

Mu 2023 boma la America linavomereza chithandizo cha maselo oterewa chotchedwa Lantidra, ndipo pano akatswiri akuyesa maselo okulitsidwa mu labotale kuti asamadikire kapamba wa womwalira.

Mwana wanga ali ndi zaka 16 tsopano. Nditamufotokozera zonsezi, anandimvetsera uku akupukuta chala kuti ayeze shuga.

"Ndiye Amayi, maselowo amakhala m'chiwindi? Osasochera?"

Ndinati sasochera. Anaseka, n'kundionetsa kamakina kake. Kanalemba 6.2. Anatenga chikwama n'kunyamuka, masiwiti atatu ali m'thumba la yunifolomu.