Kale Tayimutebulo Inkalembedwa ndi Pensulo

Inu amene munapondako ku Chancellor College, ku Chirunga, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mukuikumbukira tayimutebulo ya masiku amenewo. Chinali chipepala chachikulu chokhomedwa pabolodi, mizere yake yojambulidwa ndi rula, ndipo m'timabokosi tina munkaoneka zipsera za labala pamene pafufutidwa kangapo. Teremu ikamayamba ophunzira ankaunjikana pamenepo, kope m'manja, wamtali akuwerengera wamfupi. Chimene ambiri sankadziwa n'chakuti chipepalacho chisanafike pabolodi chinali chitadutsa m'manja mwa anthu okangana. Dipatimenti iliyonse inkatumiza munthu wake, ndipo anthuwo ankazungulira tebulo masana onse kulimbirana zipinda ndi maola. Wa Chemistry ankafuna masana athunthu a ku labu. Wa Education ankakumbutsa kuti ophunzira ake amatenganso masamu kapena History, choncho maola asawombane. Wina ankangokana kuphunzitsa Lachisanu madzulo, chifukwa chake osachitchula, koma onse akuchidziwa. M'chipindamo munkamveka fungo la choko, utsi wa kaliwo, ndi tiyi wozizirira m'kapu poti mwini wake watanganidwa ndi kutsutsa. Kugawa maola kunali ngati kugawa nyama ya ng'ombe pamudzi: aliyense maso pa gawo la mnzake, koma pomaliza palibe wobwerera chimanjamanja.

Ana a lero tayimutebulo imawapeza ali m'bulangete. Foni yalira, woimira kalasi waponya pa WhatsApp, iwo n'kutsegula diso limodzi, n'kudandaula kuti kalasi ya m'mawa ndi nkhanza. Mukanaona, ana inu, mmene anzanu ankathamangira ku bolodi m'chiperoni cha ku Zomba, mame ali m'nsapato! Komabe sindinyoza kompyuta. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri ndi ophunzira 90 okha. Lero ophunzira ndi zikwizikwi, maphunziro achuluka, zipinda sizinachuluke mofanana, ndipo palibe pensulo imene ingathe ntchito yotereyi. Kompyuta imaona msanga pamene makalasi awiri agwera m'chipinda chimodzi. Chimene siidziwa n'chakuti mtsikana amene akuchita lendi ku Chikanda adzayenda mumdima kalasi ikatha usiku, kapena kuti wochokera ku Chinamwali sangafike m'mamawa mvula ikagwa. Kale ophunzira ankagona pasukulu pomwepo, ankadya ku kafeteriya, ndipo ola lililonse linali lotheka. Lero ola limene kalasi yaikidwa limakhudza ndalama ya kabaza, nkhomaliro ndi chitetezo cha munthu. Wina ayenera kuiuza kompyuta zimenezi, ndipo amene amazidziwa bwino ndi mphunzitsi amene amaona mipando yopanda anthu m'kalasi mwake.

Dongosolo limene koleji inabwera nalo ku Zomba mu 1973, itaphatikizana ndi Soche Hill College ndi sukulu ya za kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba, linali lotengera mayunivesite a ku Britain. Khonsolo inkayang'anira ndalama, nyumba ndi kulemba anthu ntchito. Za maphunziro zinali m'manja mwa aphunzitsi: nkhani inkayambira ku dipatimenti, n'kukwera ku fakote, n'kukathera ku Seneti. Ukafuna kusintha lamulo la mayeso, kapena kuyambitsa kosi yatsopano, unkalemba pepala. Mlembi ankalitayipa pa sitensulo, makina a Gestetner n'kumalira kugubuduza makope onunkhira inki, ena akuda kwambiri, ena osaoneka bwino m'mphepete. Mesenjala ankayenda nawo ofesi ndi ofesi m'maenvulopu a khaki ogwiritsidwa ntchito kambirimbiri, dzina lakale lofufutidwa, latsopano lolembedwa pansi pake. Poti pepalalo linabwera ndi munthu amene wagogoda pakhomo n'kukupatsa moni, unkachita manyazi kupita kumsonkhano usanaliwerenge.

Msonkhanowo unali ndi mwambo wake. Amuna jekete ndi tayi ngakhale mu Okutobala, amayi madiresi aatali monga lamulo la 1973 la kavalidwe linkafunira. Munthu sankayankha mnzake mwachindunji. Ankadzera kwa wapampando, ngakhale amene akumutsutsayo ali pambali pake. Maminitsi a msonkhano wapita ankawerengedwa tsamba ndi tsamba, ndipo nthawi zonse pankapezeka mkulu wina wokonda kukonza mpumiro. Anthu ankatha maola kukambirana ngati wophunzira wolephera maphunziro awiri alembe sapu (mayeso obwereza), abwereze chaka, kapena achotsedwe. Poti ophunzira anali ochepa, dzina likatchulidwa nkhope inkabwera, ndipo pankapezeka wina wonena kuti mnyamatayo anaferedwa pakati pa teremu, timuganizire. Woyesa wochokera ku yunivesite yakunja ankabwera kumapeto kwa chaka, n'kukhala ndi mapepala a mayeso masiku angapo, ndipo lipoti lake linkakambidwa mozama.

Mtima ukayamba kukoma ndi zokumbukirazi ndimaugwira, chifukwa zipinda zomwezo zinali ndi chete wina amene sitiyenera kumuiwala. Dr. Kamuzu Banda anali Chancellor wa yunivesite, ndipo aliyense ankadziwa kuti makutu a boma amafika mpaka m'kalasi. Mu Seputembala 1987 a Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, anamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, n'kukasungidwa kundende ya Mikuyu, pafupi pomwepo ndi Zomba, mpaka 1991. Makalasi anapitirira. Maola awo anayenera kugawidwa kwa ena, ndipo pensulo ija inagwira ntchito yake. Anthu odziwa kukangana masana onse za lamulo la mayeso analibe bwalo lofunsira poyera kumene mnzawo wapita. Ufulu wa aphunzitsi unali weniweni pa zinthu zazing'ono, koma unali ndi mpanda, ndipo aliyense ankadziwa pamene mpandawo wadutsa popanda womuuza. Ngakhale mkati mwa mpandamo si onse ankayankhula. Amayi anali owerengeka. Mphunzitsi wachinyamata amene wangolembedwa kumene ankakhala kumbuyo, ntchito yake kulemba maminitsi ndi kulandira maola amene akuluakulu awakana. Chifundo chija chomuganizira woferedwa chinali ndi mbale wake, kukondera: wophunzira wosadziwika kwa aliyense analibe womulankhulira.

Mpanda unayamba kugwa mu 1992, ophunzira atayenda mumsewu kuvomereza kalata ya maepiskopi a Katolika, ndipo referendamu ya 1993 inamaliza. Koma ufulu wa m'kalasi unayesedwanso mu 2011. Mu Febuluwale chaka chimenecho mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitanitsa mphunzitsi, a Blessings Chinsinga, chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka pophunzitsa, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja ndi zimene zinkachitika ku Tunisia ndi Egypt. Ulendo uno aphunzitsi sanagawane maola a mnzawo. Anasiya kuphunzitsa, n'kunena kuti sabwerera m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape. Anayi anachotsedwa ntchito: a Chinsinga, a Jessie Kabwila-Kapasula, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin. Mkanganowo unatha miyezi pafupifupi isanu ndi itatu, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika atalola kuti abwezeretsedwe mu Okutobala. Amene timayamikira zakale tiyenera kuvomereza kuti mbadwo umenewu unachita chimene m'masiku a jekete ndi tayi chinali chosatheka. Mtengo wake unalipiridwa ndi ophunzira, chifukwa kalendala inasokonekera, ndipo digiri ya zaka 4 kwa ambiri inatalika. Kalendala nayonso ndi nkhani ya Seneti, ndipo ikasokonekera, chilichonse chimachitika mothamanga: semesita yofinyidwa, tchuthi chachifupi, mayeso ochongedwa usiku.

Kusintha lamulo lero kuli ndi njira ina. M'mayunivesite athu chikalata chimabwera pa imelo, masamba ambirimbiri, chokonzedwa kale bwinobwino ndi komiti kapena katswiri wolembedwa ganyu, pamwamba pake pali pempho lakuti ndemanga zifike pofika Lachisanu. Zambiri zimene zili m'zikalatazi n'zabwino, ndipo kale zinkasowa. Bungwe la National Council for Higher Education, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limafuna kuti pulogalamu iliyonse ionetsedwe poyera: ikuphunzitsa chiyani, ndi aphunzitsi angati, mabuku ali kuti. Wophunzira amalandira ndondomeko ya kosi semesita ikamayamba, ndipo akhoza kudandaula ngati malikisi ake sakuwamvetsa. Pali malamulo olembedwa oteteza mtsikana kwa mphunzitsi wopanda khalidwe, nkhani imene kale inkangonong'onezedwa m'makonde. Oimira ophunzira amakhala nawo m'makomiti ena. Amayi akutsogolera madipatimenti, ndipo mphunzitsi wachinyamata amatha kutsutsa pulofesa osaopa kuti mawa aitanidwa.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti chikalata chokongola chimaopseza dzanja. Pepala la sitensulo linkaoneka losatha, lodikira pensulo yako. La lero limafika ndi chikuto, chizindikiro cha sukulu ndi manambala a ndime, moti munthu amaona ngati nkhani yatha kale ndipo iye akungodziwitsidwa. Komanso mphunzitsi wa lero ndi wotopa. Ali ndi mapepala mazanamazana oti achonge, ophunzira a masitazi oti awayang'anire, kafukufuku wofunika kuti akwezedwe, ndi kaganyu kapambali kowonjezera pa malipiro amene kukwera mitengo kwawadya. Lachisanu lija limadutsa, ndemanga osatumizidwa, ndipo m'maminitsi mumalembedwa kuti aphunzitsi anafunsidwa. Kuyambira nthawi ya Covid-19, pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020, misonkhano yambiri inasamukira pa Zoom. Izi zathandiza amene ali kutali, komanso mayi amene akulera khanda. Koma inu achinyamata mwaphunzira luso lozimitsa kamera ndi maikolofoni, dzina lanu lili mumsonkhano, inu muli pamzere ku banki. Wapampando akafunsa ngati pali wotsutsa, chete amayankha, ndipo chete ameneyo amawerengedwa kuti ndi kuvomera. Chete wa kale unali wa mantha. Uyu ndi wa kutopa, koma lamulo limadutsa chimodzimodzi.

Kale mikangano yambiri inkathera ku Senior Common Room. Pamenepo wa Physics ankakhala ndi wa Chichewa, nyuzi imodzi ikuzungulira, supuni zikulira m'makapu, ndipo vuto la chipinda limene lakanika kumsonkhano linkatha ndi mawu awiri: achimwene, ndipatseniko Lachiwiri, ine ndikupatsani Lachinayi. Zinali zokoma kwa amene ankalowamo. Amene ankathamangira kunyumba kukaphika, kapena wosamwa, kapena wamanyazi, ankapeza zinthu zitagamulidwa iye kulibe. Gulu la WhatsApp la dipatimenti lili ndi ubwino woti aliyense alimo ndipo zolembedwa zimasungika. Koma ndi lovuta kugonjerapo. Pamaso m'pamaso munthu amatha kuseka n'kunena kuti chabwino, mwapambana. Pafoni, anthu makumi awiri akuwerenga, aliyense amaumirira pake.

Mu 2021 yunivesite yakale ija inagawidwa. Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS, Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi, pamene Bunda inali itachoka kale kukakhala LUANAR. Phindu lake ndi loonekeratu: nkhani ya maphunziro a ku Zomba siyeneranso kudikira msonkhano wa makoleji onse, ndipo Seneti ili pafupi ndi kalasi kuposa kale. Mafakote anasanduka masukulu, otsogoleredwa ndi ma Executive Dean amene ntchito yawo imalengezedwa n'kufunsiridwa. Panali nyengo imene aphunzitsi ankasankha okha Dean pakati pawo, ndipo nthawi yake ikatha ankabwerera kukagwira choko limodzi ndi amene ankawalamula. Wosankhidwa motero nthawi zina ankaopa kukhumudwitsa omuvotera, moti zinthu zofunika kukonzedwa zinkagona. Wolembedwa ntchito amatha kugamula msanga, koma maso ake amayang'ana kumwamba kumene kwachokera kalata yake. Ndi chifukwa chake msonkhano wa dipatimenti wakula kufunika kuposa kale: ndi malo okhawo amene mawu amayambira pansi.

Pempho langa kwa oyendetsa masukuluwa ndi laling'ono. Tayimutebulo isanaponyedwe pa mafoni a ophunzira, ibwere kaye ku dipatimenti ili yosatha, aphunzitsi ndi oimira makalasi aione limodzi, atchule kalasi yothera usiku, labu yopanda nthawi yokwanira, ndi wachinyamata amene wasenzetsedwa makalasi aakulu onse. Lamulo latsopano lipatsidwe masabata okwanira, osati m'kati mwa nyengo yochonga mayeso, ndipo amene watumiza ndemanga auzidwe chimene chachitika nayo, ngakhale yakanidwa. Kwa inu aphunzitsi achinyamata, amene muli ndi madigiri ochuluka kuposa amene akuluakulu anu anali nawo pa msinkhu wanu: chikalata cha malamulo a mayeso chikafika, chitseguleni, mupite pa ndime ya sapu ndi yobwereza chaka, muwerenge mukuganizira ophunzira atatu amene mukuwadziwa mayina. Kenako mubwere kumsonkhano, kamera yoyatsa, mudzanene zimene mwapeza.