Earl Lloyd ndi Usiku wa ku Rochester

Pa 31 October 1950, mumzinda wa Rochester ku America, mnyamata wa zaka 22 dzina lake Earl Lloyd analowa m'bwalo la basketball atavala malaya a timu ya Washington Capitols. Anapeza mapointi 6, timu yake inagonja 78 kwa 70, anthu n'kubalalika kupita kwawo. Ochepa okha ndi amene anazindikira kuti aonerera munthu wakuda woyamba kusewera mu ligi ya NBA.

Ulemu umenewu unamugwera chifukwa cha ndandanda ya masewero basi. Chaka chomwecho Boston Celtics inali itasankha Chuck Cooper, ndipo New York Knicks inali italemba Nat Clifton. Zinangochitika kuti timu ya Lloyd ndiyo inayamba kusewera. Cooper analowa m'bwalo mawa lake. Mwini wakeyo sankalola kumuyerekeza ndi Jackie Robinson, amene mu 1947 anasenza yekha chipongwe cha dziko lonse m'masewero a baseball. Kukana kumeneku sikunali kudzichepetsa kwa pakamwa chabe. Nthawi imeneyo basketball inalibe anthu ambiri oitsatira, motero ngakhale chidani chake chinali cha anthu ochepa.

Komatu kuchepa kwa chidani sikuchotsa ululu wake. Lloyd anabadwira ku Alexandria, m'chigawo cha Virginia, mu 1928, ndipo anaphunzira m'sukulu za akuda okhaokha mpaka ku koleji ya West Virginia State. Tsiku lina ku Fort Wayne hotela inamulola kugona koma inamukaniza kudyera m'chipinda chodyera. Mphunzitsi wake, Bones McKinney, mzungu wa kumwera kwa dzikolo, anamutsatira kuchipinda kwake kuti asadye yekha. Nkhani imeneyi Lloyd anaisunga mumtima mpaka ukalamba, mwina kuposa usiku wa ku Rochester uja.

Atasewera masewero 7 okha, anaitanidwa ku usilikali, ndipo pamene ankabwerako timu ya Capitols inali itatha kale. Mu 1952 anapita ku Syracuse Nationals. Kumeneko ntchito yake inali yosaoneka: kutchinga mdani woopsa kwambiri, kulimbirana mpira pansi pa nkhata, kulandira zigongono kuti Dolph Schayes apeze mpata woponya. Ndi ntchito ya mtundu umene manyuzipepala saulemba, koma timu yopanda munthu wotere sipita patali. Mu 1955 Syracuse inatenga chikho itagonjetsa timu ya Fort Wayne, mzinda womwe uja wa hotela, ndipo Lloyd ndi Jim Tucker anakhala akuda oyamba kupambana ligiyo.

Anamalizira kusewera ku Detroit Pistons mu 1960, timu imene anadzaiphunzitsanso mu 1971. Dzina lake linalowa mu Hall of Fame mu 2003, patadutsa zaka zoposa 50 chichokere usiku uja. Anamwalira mu 2015 ku Tennessee, ali ndi zaka 86.