Injini Ikazima M'mwamba

Tsiku lomwe aphunzitsi athu a Physics anatifunsa chomwe chimachitika injini ya ndege ikazima m'mwamba, tonse tinayankha kuti ndegeyo imagwa ngati mwala. Iwo anangoseka, n'kutiuza kuti tipinde mapepala tipange tindege. Titaponya, kalikonse kanatsika pang'onopang'ono kakulowera kutsogolo.

Ndi mmenenso zimakhalira ndi ndege zopepuka zomwe anthu ena amadzipangira okha kunyumba. Ku America, lamulo limati ndege yotere ya munthu mmodzi isalemere kuposa makilogalamu 115, ndipo isanyamule mafuta oposa malita 19. Injini ikazima, mapiko amagwirabe ntchito malinga ngati mphepo ikuwadutsa ndi liwiro lokwanira. Tinawerengetsa kuti ndege yoyenda mamita 10 pa mita iliyonse yomwe yatsika, ikakhala mamita 300 m'mwamba, ili ndi mtunda wa makilomita 3 woti woyendetsa apezemo munda kapena bwalo loterapo. Vuto ndi mantha, omwe amamuchititsa kudzutsa mphuno ya ndege. Akatero liwiro limatha, mapiko amaleka kunyamula, ndipo apo m'pomwe imagwadi.

Kenaka aphunzitsi anatiuza za John Denver, woimba nyimbo za country. Pa 12 October 1997 iye ananyamuka ku Monterey, ku California, pa ndege ya mtundu wa Long-EZ yomwe munthu wina anadzipangira. Mwini pulani ya ndegeyi, Burt Rutan, anaika kachogwirira kosinthira matanki a mafuta pakati pa miyendo ya woyendetsa, koma womangayo anakaika kuseri kwa phewa lamanzere. Denver ananyamuka ndi mafuta ochepa. Injini itayamba kutsamwa, ofufuza akuti anapotoloka kuti afikire kachogwirirako, phazi n'kuponda chowongolera mosadziwa, ndipo ndege inagwera m'nyanja. Anafera pomwepo.

M'kalasi munati zii. Tinaona kuti ngoziyi inayambira pansi, ndege isanauluke: kusintha pulani, kusawonjezera mafuta, kusazolowera chipangizo chomwe udzachifune pa mphindi yovuta.

Ambirife timakonda kulumikiza mawaya ndi kukonza njinga, ndipo ena timalota zodzakhala mainjiniya. Chiyambire tsikulo, tikamaliza kupanga chinthu ku kalabu ya sayansi timayamba tafunsana kuti, "Nanga chikakanika, dzanja lifika pati?" Paja akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.