Mwana Amakula Monga Tamuyesera

Kuno ku Phalombe, mwana wa mlimi amadziŵa ndalama za thumba la nandolo asanafike nalo pa msika wa Migowi. Nanga bwanji mwana yemweyo, akaloŵa ku sekondale, amati masamu ndi a anthu ena?

Pa zaka zimene ndinagwira choko, ndinaona kuti yankho limakhala pa nkhope ya mphunzitsi. Amene wayesedwa wanzeru amafunsidwa mafunso ozama, nadikiridwa kuti aganize. Amene wayesedwa mbuli, kaŵirikaŵiri mtsikana, amangodumphidwa, ndipo pofika mayeso a MSCE amakhala atadzitaya kale.

Mu 1968, Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa zimene anapeza ku America. Aphunzitsi anauzidwa kuti ana ena, osankhidwa mwa maere chabe, akhwima nzeru msanga. Ndipo aang'ono mwa iwo anapitadi patsogolo.

Ambuye Yesu anamutcha Simoni thanthwe akali munthu wogwedezeka, ndipo anasandukadi thanthwe. Aphunzitsi ndi makolo anzanga, m'mera mpoyamba. Tileke kuuza ana athu kuti m'banja mwathu masamu sitiwatha, pakuti mwana amakhulupirira mawu athu.