Kumene Usipa Wathu Uchokera

Ife okhala mu Blantyre ndi mu Limbe nyanja tiidziŵa ndi pakamwa. Madzulo alionse ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa kumamveka fungo la usipa uli pamoto, ndipo mwana amayamba kusiyanitsa utaka ndi kambuzi asanadziŵe n'kuŵerenga komwe. Koma mutafunsa ana omwewo kumene nsombazo zichokera, ambiri adzakuyankhani kuti zichokera ku msika wa Limbe. Pa zaka zoposa 30 zimene ndakhala ndikuphunzitsa ku pulaimale, chaka ndi chaka ndajambula Nyanja ya Malaŵi pabolodi, ndipo ana aloŵeza pamtima kuti kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 580, ndi kuti poya pake penipeni pafika mamita 700. Komabe amene adaiona ndi maso ndi oŵerengeka. Akulu adati kandimverere adanena za m'maluŵa.

N'chifukwa chake pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti 2024, ine ndi mayi a kunyumba tidatenga mwana wathu wotsiriza pamodzi ndi mdzukulu mmodzi kukayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi kufikira ku Chembe. Tidapangana kuti tikagona kwa anzathu aphunzitsi m'midzi momwemo, ndi kuti sitikathamanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tidakwera minibasi ku Limbe m'mamaŵa, kukuzizira, tidadutsa Zomba, ndi kutsikira ku chigwa cha Shire. Pa Liwonde tidatsika kuti ana aone zitseko za madzi za pa mlatho, zimene zidamangidwa mu 1965. Pamenepo ndidawafotokozera kuti mtsinje wa Shire ndi wokhawo umene utulutsa madzi m'nyanja. Kuti madzi omwewo ndiwo azunguza makina a magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Ndiponso kuti madzi ambiri a m'mipope ya mu Blantyre amapopedwa mumtsinje womwewo pa Walker's Ferry. Mdzukulu wanga adadabwa kumva kuti wakhala akumwa nyanja kuyambira ali khanda, ngakhale anali asanaione.

Kupitirira Ulongwe dziko lisintha nkhope. Mapiri atsalira patali, mpweya utentha, ndipo m'malo mwa bulugamu wa kwathu muona milambe ikuluikulu ndi migwalangwa. M'mbali mwa msewu amayi agulitsa malambe ndi mikeka, m'midzi yambiri muli mzikiti, ndipo chinenero chimene chimveka koposa ndi Chiyao. Kudzanja lamanja kuoneka madzi otambalala, ndipo ana adakuwa kuti tafika. Tidaŵauza kuti imeneyo ndi nyanja yaing'ono ya Malombe, imene mtsinje wa Shire udutsamo utangotuluka m'nyanja yaikulu. Kale Malombe inali nkhokwe ya chambo, koma pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 chambocho chidatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono. Mu 1993 Boma lidayamba kumeneko makomiti a m'madooko, kuti asodzi eni ake athandize kusunga malamulo a usodzi. Nkhani imeneyi tidaimva kachiŵiri ndi kachitatu m'masiku otsatira.

Pa boma la Mangochi, pamene kale pankatchedwa Fort Johnston, tidayenda wapansi kukafika ku mlatho wa pa Shire. Atsamunda adakhazikitsa linga m'derali mu 1891, m'masiku amene malonda a akapolo ankadutsa m'dziko la Mfumu Mponda. Pafupi ndi mlathowo pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndiponso mfuti yaikulu ya m'sitima ya Guendolen, imene idaombera sitima ya Ajeremani mu Ogasiti 1914. Koma chimene chidatikhalitsa chete ndi chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya kumpoto kwa nyanja mu Julayi 1946, m'nyengo ya mwera. Mphepo yomweyo inali kuomba tsikulo. Ife a kumtunda timayesa nyanja malo oseŵerera. Eni ake aiopa ndi kuilemekeza, pakuti mabanja ambiri a kumeneko adatayapo munthu m'madzi.

Msewu wochokera ku Mangochi kunka ku Monkey Bay utsata gombe, koma woyenda pagalimoto nyanjayo aiona mwa apo ndi apo. Malo ambiri okongola adatchingidwa ndi mipanda ya mahotela ndi nyumba zopumulirako anthu a m'tauni, kotero kuti m'midzi ina amayi ayenda mozungulira, m'kanjira kopapatiza pakati pa mipanda, kuti akatunge madzi kapena kuchapa. Chaka chimenecho madzi a m'nyanja adakwera kuposa m'mene adachitira pa zaka zambiri, ndipo tidaona nyumba zina zili m'madzi, za olemera ndi za osauka zomwe. Kusiyana kwake kunali kwakuti mwini nyumba yopumulirako anali ndi kwina kogona, pamene msodzi adasamutsira banja lake m'chisakasa.

Tidagona usiku woyamba kwa mphunzitsi mnzanga m'mudzi wina wa asodzi m'mbali mwa msewu womwewo. Madzulo mphepo itatsika ndipo mdima utagwa, adatitengera ku dooko. Panyanja panali nyali zambirimbiri, kufikira kumene maso alekeza, ngati mzinda woyandama. Mnzangayo adafotokozera ana m'mene usipa ugwidwira. Munthu mmodzi, amene amutcha siginala, akhala m'bwato lokhala ndi nyali zoŵala. Kale zinali za palafini, koma masiku ano ambiri agwiritsa ntchito mababu a batire. Usipa ukasonkhana pansi pa kuŵalako, anzake a m'maboti aŵiri azinga malowo ndi khoka lotchedwa chilimira, ndi kulikoka ndi manja. Achita zimenezi kangapo usiku umodzi, m'chisanu, atanyowa, pa madzi akuya. Mwezi ukaŵala usipa subwera ku nyali, ndipo mwera ukakula maboti sachoka pagombe. Apo m'pamene ife ku Limbe timadandaula kuti usipa wakwera mtengo, osadziŵa kuti kunyanja mabanja agona ndi njala.

M'maŵa mwake dooko lidadzala anthu. Amayi ankagula usipa m'zidebe, ena n'kuufutsa m'madzi otentha, ena n'kuuyanika wauŵisi pa mathandala a bango ataliatali. Anyamata ankasenza, akuluakulu ankasoka makoka pansi pa mtengo, ogula ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe ankatsutsana mitengo. Mayi a kunyumba adaŵerenga manja amene kambale kamodzi ka usipa kadutsamo kasanafike pa nsima yathu: wa nyali, okoka khoka, wosenza, woyanika, wolongedza m'matumba, woyendetsa galimoto, ndi wogulitsa pamsika. Adati kuyambira tsopano adzachita manyazi kunenerera mtengo mpaka wogulitsa atsale wopanda phindu.

Pansi pa mtengo uja tidalonjerana ndi agogo ena amene adaŵedza moyo wao wonse. Atamva kuti ndine mphunzitsi adandiyalira mkeka, ndipo ndidaŵapempha kuti auze ana za chambo. Adati m'unyamata wao chambo sichinali ndiwo ya alendo okha. Khoka limodzi linkadyetsa mudzi, ndipo aliyense wogwirako chingwe ankapita kwao ndi nsomba. Adafotokoza kuti chambo chachikazi chisunga mazira ake m'kamwa, ndipo ana akaswa chipitiriza kuŵabisa momwemo kufikira atakhwima. Motero wopha chambo chimodzi m'nyengo yoswana wapha mbumba yonse. Tiana ta chambo, timene atitcha kasawala, tikulira m'madzi osaya, m'mabango ndi m'maudzu. Koma mabango adadulidwa kuti pakhale mchenga woyera wokondweretsa alendo, ndipo ena asoka masikito a udzudzu kukhala makoka amene sasiya kanthu, ngakhale mazira.

Zimene agogowo adanena zigwirizana ndi zimene akatswiri adapeza. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene liŵerengera zamoyo za pa dziko lonse, lidaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kwambiri kutha. Lamulo lilipo loletsa makoka m'nyengo yoswana, kuyambira mwezi wa Novembala. Ndipo pali umboni wakuti kudziletsa kupindula: pa chilumba cha Mbenji ku Salima, Mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi m'dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo malowo adziŵika ndi utaka wochuluka. Tsono funso ili ndi la ife a m'tauni. Msodzi apha kasawala chifukwa alipo womugula. Pamene tikondwera kupeza tinsomba totsika mtengo, kapena chambo cha mazira pa Khirisimasi, kodi sitikhala tikukoka nawo khoka loletsedwalo? Madzi akatayika saoleka.

Monga mphunzitsi, china chidandilasa mtima. Mnzanga uja adandiuza kuti usipa ukagwa, m'makalasi a pamwamba anyamata achepa, pakuti mnyamata wa zaka 13 akhoza kupeza ndalama usiku umodzi, ndipo m'maŵa mwake tulo timlaka. Atsikana nawonso akopeka ndi ndalama za pa dooko, ena n'kukwatiwa asanakhwime. Ana ambiri adwalanso likodzo. Ofufuza adapeza kuti kufupi ndi Chembe nkhono zofalitsa nthendayi zidachuluka pamene nsomba zodya nkhono zidachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Choncho khoka lomwe lichotsa mwana m'kalasi ndilonso limuonjezera matenda. Sindidzudzula makolo a kumeneko. Munthu amene munda wake ndi nyanja sangauze mwana wanjala kuti adikire zaka khumi.

Tsiku lachitatu tidafika ku Monkey Bay, pamene sitima ya Ilala idalumikizidwa isanayambe kuyenda panyanja mu 1951. Kuchokera pamphambano ya kufupi ndi pamenepo, msewu wa makilomita pafupifupi 18 upota pakati pa mapiri a miyala, anyani ali m'mbali, kufikira ku Chembe, malo amene David Livingstone adaŵatcha Cape Maclear mu 1861. Dera limeneli lili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene adakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaŵaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Chifukwa chake ndi nsomba. Palibe nyanja ina pa dziko yokhala ndi mitundu ya nsomba yochuluka ngati yathuyi. Tidakwera boti kufika ku chilumba cha Thumbi, ndipo ana adaona mbuna zobiriŵira, zachikasu ndi zamizeremizere zikuyenda pakati pa miyala, madzi ali mbee. Anthu aoloka nyanja zamchere kudzaona tinsomba timeneti, pamene ife a makilomita osakwana 300 sitidziŵa n'dzina lake lomwe.

Kumapeto kwa mudziwo, m'tsinde mwa phiri, kuli manda angapo. Apa m'pamene sitima yoyamba yotchedwa Ilala idakocheza mu Okutobala 1875, itanyamula E. D. Young, Dr Robert Laws ndi anzao. M'gulu lomwelo munali Henry Henderson, amene chaka chotsatira adasankha malo a mishoni ya Blantyre. Malungo sadaŵachitire chisoni. Dr William Black adamwalira mu 1877, ndipo chaka chomwecho adamwaliranso Shadrach Ngunana, mphunzitsi wachikuda wochokera ku Lovedale, ku South Africa. Patapita zaka zisanu ndi theka, wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, mu 1881, chaka chimene mishoni idasamukira ku Bandawe. Woŵerenga phindu la msanga akadati ntchitoyo idalephera. Koma ife amene tidaphunzira ndi kuphunzitsa m'masukulu otuluka m'mbewu imeneyo tidziŵa kuti anthu aja adavutikira ana amene sadaŵaone. Mtima womwewo ndi umene nyanja ifuna kwa ife lero: kudzimana pang'ono chifukwa cha adzukulu.

Makolo anzanga, ngati mungathe kusunga kangachepe, tengani ana anu akaone nyanja, ngakhale kamodzi. Magulu a achinyamata amene apita kumeneko pa basi, n'kusambira, n'kujambulitsa, n'kubwerako tsiku lomwelo, aonjezepo tsiku limodzi logona m'mudzi ndi kudzuka m'bandakucha kukaona maboti akukocheza. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, mukafika kumbukirani kuti gombelo ndi khomo la eni ake. Perekani moni, valani modzilemekeza, pemphani musanajambule munthu, musataye mapulasitiki m'madzi amene anzanu amwa, ndipo lemekezani a chipembedzo china amene akulandirani. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Amene simungathe kupita, nanunso muli ndi mbali yanu pamsika pomwepo. Kanani kasawala, pirirani osagula chambo m'miyezi yoswana, ndipo muuze ana chifukwa chake. Nyanjayi tidaipeza yodzala. Mlengi adatiikiza kuti tiisunge, ndipo ana a ku Ndirande ndi ana a ku Chembe adzadya kapena kusoŵa pamodzi, monga m'mene ife tiisamalira lero.